Mvula ya Pansi pa Mtondo

Mwambi umenewu unayamba motere, ndipo inu anyamata amene mwatsamira makasu mumvetsere bwino, chifukwa ena mwa inu ndikuona kuti mukulowera komweko.

M'mudzi muno munali mkamwini wina dzina lake Lufeyo. Khasu linkamulemera, koma pakamwa pokha ankalima maekala khumi. Chaka china analosera mvula, ndipo mwangozi inagwadi. Kuyambira pamenepo sitinapumenso. Ntchito yake inali kugona chagada pansi pa mtondo wa kuseri kwa nyumba, ati akuwerenga mitambo. Mitambo yakeyo ankaiwerenga atatsinzina.

Mkazi wake, Nachisale, anali ndi mbewu ya chimanga chamakolo imene mayi ake anamusiyira. Ankaimangirira kudenga la khitchini kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe, ndipo ngakhale njala ilume bwanji, sankachotsako ndi njere imodzi yomwe. Mbewu ina panyumbapo panalibe.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa, Nachisale anapita kumaliro kutsidya kwa mtsinje. Masana a tsiku lomwelo, Lufeyo ali pamphasa pake, anamva kadontho pamphumi. Kenako kena patsaya. Anayasama, n'kulawa.

"Yafika!" anakuwa.

Mlamu wake Damiyano, amene ankafolera nkhokwe chapafupi, anatsika. "Yafika chiyani, alamu?"

"Mvula! Simukuona malaya angawa?"

Damiyano anayang'ana kumwamba. Kunali mbee, popanda ndi kamtambo komwe. "Tatulukani pansi pa mtengopo, tione ngati ikutsatireni."

"Inu alamu, mvula imayamba yapereka moni kwa amene amaidziwa. Inuyo ikupezani mkuja. Nanga nyenjezi zikulirira chiyani ngati si kuitana mvula?"

"Zikuitana zazikazi, alamu."

"Nsanje idzakuphani," anatero Lufeyo.

Analowa m'khitchini, natsitsa chimanga chonse, natong'ola. Akanangodzala chouma, bwenzi chikudikira mvula m'nthaka bwinobwino. Koma munthu ankafuna kuti chake chimere mudzi wonse usanadzale, choncho anachiviika mumtsuko. M'mawa mwake anakadzala chotupa kale m'dothi lotentha lowotcha mapazi. Pobwerera anadzeranso pansi pa mtondo kukatsimikiza. Kunali kukuwazabe. Anagona mokhutira ngati munthu amene wakolola.

Tsiku lachinayi Nachisale anabwera, napeza kudenga kukulendewera zingwe zokha. Anathamangira kumunda n'kufukula phando ndi chala. Njere zinali zitatulutsa timizu, timizuto n'kupserera. Anafukula lina, ndi linanso, mpaka kumapeto kwa mzere. Anakhala pansi n'kulira mayi ake ngati amwaliranso kachiwiri. Ine mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwawa.

Atatha kulira anatenga nsungwi yaitali, naitana mwamuna wake.

"Bambo a Tiyese, tagonani pamene munagona paja."

Lufeyo anagona.

"Yasamani, mulawenso."

Anayasama. Nachisale anamenya nthambi ndi nsungwi ija. Nyenje zinabalalika, iliyonse ikusiya kadontho kake pouluka, ndipo zambiri zinalunjika bwino m'kamwa mwa Lufeyo.

"Mvula yanu ndi imeneyo," anatero Nachisale. "Tsiku lonse zimayamwa madzi a mtengo. Ndiye mumati madziwo amatulukira kuti?"

Lufeyo analavula, koma pakamwa sipanatheretu. "Komabe zimadziwa nyengo."

Nachisale anamatula chikhungwa cha nyenje chimene chinakakamira pathunthu la mtengo, chong'ambika pamsana, namuyandikizira kumaso.

"Kachilombo aka kamakhala zaka pansi pa nthaka kakuyamwa mizu, kali chete. Kakatuluka kamavula ichi, kamasokosa masabata ochepa, n'kufa. Ndipo zosokosazo ndi zamphongo zokha. Zazikazi zili kalikiliki kuikira mazira." Anachifinya, chinangoti phwanyu. "Mwaona? Miyendo ilipo, maso alipo, m'kati mulibe kanthu. Ine ndinakwatiwa ndi chimenechi."

Damiyano anaseka mpaka kugwetsa mtolo wa udzu. Madzulo asanafike, amayi a kuchitsime anali atayamba kale kufunsana ngati kwa Lufeyo yagwanso lero.

Mvula yeniyeni inabwera patatha masabata atatu, nyenje zitafa, nyerere zikukoka mitembo yake pansi pa mtondo. Mudzi wonse unadzala. Nachisale anayenda khomo ndi khomo kupempha mbewu, uyu dzanja limodzi, uyu theka la mbale. Koma chimanga cha mayi ake chija chinathera pomwepo, ndipo m'mudzi muno simudzachionanso.

Tsiku limene Nachisale anabwera ndi mbewu yopemphayo, mvula ikukhuthuka ngati yoboola denga, anapeza Lufeyo ataima pakhomo. Katswiri uja anatulutsa dzanja, nanyambita, nasuzumira kumwamba kuona ngati pali nthambi.

"Nachisale, kodi iyi ndi yeniyeni?"

Mayiyo analowa m'nyumba, napinda mphasa ija, naiika paphewa pa Lufeyo.

"Kafunseni mitengo ya kwanu."

Anapita mvula ikumukwapula, ndipo ulendo umenewo palibe anatsutsa kuti wanyowadi.

Ndiye inu, amene mtsikana akangokusekererani kamodzi mumayamba kudula mitengo ya nyumba, tolani makasuwo. N'chifukwa chake kuno timati: mkodzo wa nyenje sadzalira chimanga.