Tsiku Limene Ndinaukitsa Wakufa pa Geti la Sukulu

Anzanga, inu mukundidziwa kuti sindine wolongolola. Ngakhale kumsonkhano wa amayi kutchalitchi amachita kundipempha kuti, "Kwezaniko mawu amama, kumbuyo kuno sitikumva." Ndiye tandiuzani, chinandilowa n'chiyani tsiku lija kuti ndikaime pa geti la sukulu n'kumalalikira ana a eni?

Zinali m'masiku aja a chipani chimodzi, pamene khadi la chipani tinkachita kumanga pamsonga ya chitenje popita kumsika. Mwana wanga woyamba, Tiwonge, ankalemba mayeso a Fomu 4 pa sekondale ina yoyendera muno mu Mzuzu. Mtima wake wonse unali pa unamwino, koma pepala la mabuku a Chingerezi linkamusowetsa mtendere moti chakudya ankangochitosatosa. Mwana anawonda ndikuona.

Mabuku anali osowa nthawi imeneyo. Buku limodzi ankagawana ana angapo, ndiye atsikanawa anangolimasula ulusi n'kulipatula zigawo, aliyense chake, n'kumasinthana. Pakhomo pathu ku Chiputula pankabwera Lusungu ndi Wezi, kuphatikiza Tiwonge n'kukhala atatu, ndiye ine ndinangoti zigawonso ndi zitatu. Inuyo mukanaganiza zina?

Tsono ine ndinafika Fomu 2, ndipo Chingerezi ndinkachikonda chomene. Tiwonge akamalimbana ndi masamu, ine ndinkatenga chigawo chimene chabwera n'kukawerengera kukhitchini mwakachetechete. Nkhani yake yokoma bwanji! Mnyamata wosauka, wosoka nsapato, anakonda mwana wa munthu wolemera. Anazunzika m'chigawo choyamba, anazunzika m'chachiwiri, mpaka ndiwo zinandipserera kawiri konse chifukwa cha iye. Kumapeto kwa chachitatu, ukwati! Mabelu kulira, apongozi kukhululuka, ndipo pansi pa tsambalo panali poyera. Ndinatseka ndili mwee, ndikuti Mulungu ndi wabwino.

Tsiku la pepalalo ndinati ndikamusangalatse mwana wanga, poti mawa lake anali ndi mayeso ena a sayansi. Ndinakazinga zitumbuwa beseni lathunthu, n'kuvala chitenje changa cha Lamulungu, ulendo. Kunja kunali kamvula kaja kowaza ka mu Juni, kozizira kolowa m'mafupa. Mayi wina wogulitsa nthochi pa getipo anandisunthira pabenchi pake popanda kumupempha, n'kundifunditsako kapulasitiki kake.

Belu litalira, ana anatuluka ngati njuchi. Mukudziwa mmene amachitira akatuluka m'mayeso. "Iwe funso lachiwiri unati chiyani?" "Mayo ine, ndaiwala dzina la bambo ake a mtsikana!" "Ine nthawi inandithera, basi ndalephera!" Wina akuseka, wina wagwira mutu. Tiwonge ndi anzake anandiona n'kubwera, nkhope zili zotuwa.

"Mwatandala uli, amama?" anandilonjera Lusungu m'Chitumbuka, uku dzanja lili kale m'beseni.

"Zayenda bwanji, ana anga?"

"Kaya, amama," anayankha Tiwonge. "Funso lalikulu linali loti tifotokoze mathero a buku. Ine ndalemba za imfa ya wosoka nsapato uja, koma kaya ndalongosola bwino."

Ndinamuyang'anitsitsa. "Imfa ya ndani?"

"Ya wosoka nsapato, amama. Uja anagwa pa kavalo."

Apa ndiye pamene munthu wanzeru akanatseka pakamwa. Koma ine? Ndinaimirira, n'kukonza chitenje. "Ana inu, munthu ameneyu sanafe. Anakwatira! Ine buku limeneli ndawerenga lonse, ndi maso angawa."

Onse atatu anayamba kukayikira. Vuto lake n'lakuti ine ana aja ankandidziwa kuti sindiyankhula chinthu ndisanatsimikize. Komanso mwana wotuluka m'mayeso, mutamuuza kuti dzina lake walemba molakwa, akhoza kukukhulupirirani.

Wezi anayesa kutsutsa. "Koma amama, tinawerenga kuti anamuika m'manda..."

"Amenewo mwina anali maloto," ndinatero ine, katswiri wa ku Chiputula. "M'chigawo chachiwiri muja sanalote ali m'bokosi?" Analotadi, ndipo onse anakumbukira.

"Mayo ine, anali maloto!" Lusungu anakuwa, chitumbuwa n'kugwa pansi. "Masamba aja ananyowa ndi mvula, tinangowerenga mothamanga. Adada andipha!"

Kukuwa kuja kunaitana ena. Posakhalitsa ndinazunguliridwa ndi ana osawerengeka, anyamata ndi atsikana, uthenga ukuyenda mpaka kumbuyo: "Akuti sanafe!" "Ndani akutero?" "Mayi awo, akuti ndi a ku likulu la mayeso!" Ine wa ku likulu la mayeso, ndi beseni la zitumbuwa! M'malo mokana, ndinamva kukoma. Ndinayamba kufotokoza ukwati wonse, mabelu, diresi la mkwatibwi, mwinamo n'kumaponyamo Chingerezi changa cha ku Fomu 2 chimene chinakhala zaka chili m'sutikesi. Mayi wa nthochi uja, amene bukulo sanalionepo n'chikuto chomwe, ankangovomereza kuti, "Eya, anakwatira, ana inu mverani akulu!" Mnyamata wina wamtali anakhala pansi m'matope n'kunena kuti, "Basi, ine ndikupita kukathyola tiyi."

Nditacheuka ndinaona Tiwonge wanga. Sankalira mokweza ngati anzake, misozi inkangotsika. "Amama, ndiye unamwino watha," anatero. "Mawa ndipitirenji?" Mtima wanga unangoti phwa. Ndinabwera kudzamulimbitsa, ndipo ndi ineyo ndamuthyola miyendo.

Phokoso lija linatulutsa mphunzitsi wawo wa Chingerezi, a Nyirenda, bambo wamfupi wa jekete lothothoka m'zigongono. Anamvetsera ana akulankhula onse pakamodzi, kenaka anabwera kwa ine, n'kuvula chipewa.

"Yewo amama. Bukuli munalekezera pati?"

"Pamapeto, aphunzitsi. Pa ukwati."

"Munawerenga zigawo zingati?"

"Zonse zitatu."

Pamenepo kamtsikana kena kamene sindinakaonepo kanatuluka m'gulumo, n'kutsegula chikwama. Kanali ka ku Mzilawaingwe, mnzawo wachinayi, amene kwathu sankafikako chifukwa cha mtunda. M'manja mwake munali mpukutu wa masamba okwinyika ndi mvula. Chigawo chachinayi!

Anzanga, munayamba mwafunapo kuti nthaka ing'ambike mulowemo ndi beseni lomwe? Makutu anga anatentha ngakhale kunali kozizira choncho. Ndinkadikira kuti khamu lonse lindiwowoze.

Koma a Nyirenda anatembenukira kwa ana n'kunena kuti, "Amene mwalemba kuti anafa, mwalemba zoona. Anafadi, ndipo sadzukanso." Simunaonepo anthu akusangalalira maliro chonchija! Kulumpha, kukumbatirana, nthungululu. "Anafa! Anafa!" Mnyamata wa tiyi uja anavina m'matope momwemo. Munthu wodutsa mumsewu akanati ana a sukulu imeneyi ndi mfiti.

Kenaka aphunzitsiwo anatsitsa mawu kuti ndimve ndekha. "Amama, inu munalekezera pamene tonsefe tinkafuna kuti wolemba alekezere. Makolo owerenga mabuku a ana awo ndi ochepa." Anatenga chitumbuwa chimodzi, n'kuthokoza, n'kumapita. Mayi wa nthochi anali atatembenukira kumbali, akukonzakonza nthochi zake ngati sitinakhalepo benchi limodzi. Kamtsikana ka ku Mzilawaingwe kanandigwadira n'kundipatsa masamba aja ndi manja awiri. "Kamalizeni, amama. Ife tathana nalo."

Ndinakamalizadi masana omwewo, nditakhala pakhonde. Munthu uja anagwadi pa kavalo, ukwati usanathe n'chaka chomwe. Ndinalira, anthuni, ndinalira ngati wamwalira ndi mlongo wanga wa ku Nkhata Bay! Tiwonge anandipeza ndikupukuta mamina ndi chitenje cha Lamulungu chija.

"Pepani amama," anatero. "Mwina ndi maloto."

Anaseka mpaka kukhala pansi. Kanali koyamba kumumva akuseka chiyambire mayeso, ndipo tsiku limenelo anadya n'kupempha zina. M'mawa mwake anapita ku sayansi akusekabe, ndipo inu amene anakubayanipo jakisoni mukudziwa mmene zinathera.

Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti pa geti la sukulu sindidzaimanso, ndipo buku lopanda chikuto chakumbuyo sindiliyankhira mlandu. Koma kunyumba kwathu nkhaniyi sinafe ngati wosoka nsapato. Mpaka lero ndikangoti ndifotokoze zimene ndamva kumsika, bambo a Tiwonge amatsitsa wailesi n'kundifunsa mwaulemu wonse kuti, "Mayi, tisanayambe kulira, chigawo chachinayi mwachiona?"