Vinyo Amene Ndinasungira Mayi a Tadala

Abale inu, kudziwadziwa kudzandipha ine. Sabata imene akazi anga, mayi a Tadala, anayamba sukulu ya unamwino kuno ku Indianapolis, ndinalowa mu shopu ya vinyo ku Speedway kuti ndigule botolo loti tidzatsegule akadzamaliza. Wogulitsa anandilawitsa wina wofiira wa mphesa zotchedwa Gamay, wopepuka, wonunkhira ngati zipatso zongothyola kumene. Akuti mphesazo saziponda ayi, amaziika zamphumphu m'thanki n'kutseka, zimasasa zokha m'kati mwa makoko ake, ndipo wa mtundu umene ndinasankhawo ndi womwa msanga, wosasunga. Ine ndinangogwedeza mutu, mumtima ndikuti iwe ukufuna ndibwerenso mawa kudzagula lina. Ndani sadziwa kuti vinyo amakoma akakalamba?

Ndiye mukutidziwa ife, chabwino timasungira alendo. Botolo linalowa m'kabati ya mbale zija sitidyeramo, pafupi ndi hita yotenthetsera nyumba, dzuwa la pawindo likuliwomba masana onse. Zaka zinadutsa, mayi akuwerenga mpaka maso kufiira, ine ndikupukuta fumbi pabotolo langa, kunyada!

Atamaliza tinaitana anthu, mpaka alamu anga, achimwene awo a mayi, anabwera kuchokera ku South Bend. Ndinavala jekete, n'kuimirira pakati pa balaza.

"Vinyo uyu ali ngati mkazi wanga," ndinatero. "Wapirira, wakhwima, ndipo lero muona nokha kuti kudikira kumapindulitsa."

Anthu m'manja, phuphuphu! Potsegula, chotsekera chinanyenyekera m'kati momwemo. Pothira, mtundu wake ngati tiyi wogona. Pamenepo munthu wanzeru akanasiya, si choncho? Ine ndinalengeza kuti wapamwamba amaoneka chomwecho, n'kupereka tambula yoyamba kwa alamu mwaulemu, ndi manja awiri.

Alamu anamwa. Diso limodzi linatsinzina lokha, khosi n'kutalika.

"Alamu," anatero atapeza mpweya, "mchemwali wanga yemweyu mukumukompeya ndi chimenechi? Anakulakwirani chiyani?"

Mayi wina kukhitchini anafuula kuti tisataye, tchipisi zilibe viniga. Nyumba yonse kugwa nacho chiseko, ine thukuta kamukamu, manyazi ndi chisoni pamodzi, poti ndinkafunadi kumulemekeza mkazi wangayu, anavutika ndikuona.

Mayi a Tadala anatenga tambula ija m'manja mwa achimwene awo n'kugugudiza yonse, misozi lengelenge, kaya ya kuwawasa kaya ya chiyani.

"Bambo a Tadala, ndi woipa zedi," anatero. "Koma munagula ine ndemwe ndisanakhulupirire kuti ndidzamaliza. Thiraninso."

Sindinathirenso, ndimawafunabe amoyo. Ndipo ndinalumbira pomwepo: vinyo sindidzasunganso. Ndizigula maluwa, poti iwo akafota umaonera patali usanayambe kulankhula.