Ine ndi Kavalo Tisiyana Pati?

Lolemba, 14 Meyi
Loweruka ndikuthamanga makilomita asanu kupaki, kuthandiza nyumba ya odwala imene inasamalira malemu mkazi wanga Esinati. Ndinamulonjeza ali pabedi. Anaseka.
Kukhola kumene ndimasesa, dokotala akutenga magazi a kavalo wa mpikisano amene ndimamutcha Mkulu wa Mpingo. Amadya tsiku lonse, ntchito mphindi ziwiri. Akuti kavalo akathamanga kwambiri, zoteteza thupi m'magazi, ma antioxidant, zimapsa ngati nkhuni, ndiye amazibwezera ndi chakudya. Ndamva. Ine ndi kavalo tisiyana pati?

Lachiwiri, 15 Meyi
Zogula: bitiruti (zonga mbatata, zofiira ngati magazi) thumba lonse, karoti, mabulosi.
Kuthamanga: kuchoka pakhomo mpaka pasiteji. Dalaivala wandiona, waimitsa basi kundidikira. Manyazi. Ndakwera.

Lachitatu, 16 Meyi
Mkulu wa Mpingo wathamanga. Anthu atatu akumusambitsa, kumupukuta, kumufunditsa bulangete. Ine ndazungulira mulu wa ndowe kawiri. Wondifunditsa palibe. Ma antioxidant anga ndikuwamva akupsa m'mawondo.
Bitiruti: zisanu ndi ziwiri.

Lachinayi, 17 Meyi
Mkodzo wofiira!
Za Esinati zinayambanso chonchi. Ndakolopa nyumba, ndasita suti, anthu asadzavutike pamaliro anga. Kenako ndaimbira Mayi Gondwe, nesi wa kutchalitchi kwathu, mnzake wa malemu.
"Achimwene, dzulo mwadya chiyani?"
Ndawauza zonse, za kavalo zomwe. Kenako akutsokomola, koma chifuwacho ndikuchidziwa. N'kuseka. Akuti si magazi, ndi bitiruti.

Lachisanu, 18 Meyi
Amayi anayi pakhomo pano ku Braunstone, kuno kwa azungu, aliyense ndi poto. "Bambo wamasiye kumadya za akavalo, ife tili moyo?" Alanda bitiruti. Asiya mpunga, nkhuku, mandasi ndowa.
Dokotala akuti mawa lake kukakhala mpikisano kavalo amapuma n'kudya. Mfundo iyi ndikuitsatira bwino lomwe.

Loweruka, 19 Meyi
Kilomita yoyamba: kavalo weniweni!
Yachiwiri: bondo lakana.
Ondipitirira: mayi wokankha mwana, agogo a ndodo, bambo wovala ngati nthochi.
Ndikuyenda. Ndikufika akuchotsa zingwe za pothera mpikisano. Mayi Gondwe okha akuimba nthungululu, azungu akudabwa. Akundifunditsa chitenje pamapewa. Chobiriwira chija, cha Esinati, chimene anawasiyira.

Lamulungu, 20 Meyi
Masitepe ndikutsika chokhala. Kutchalitchi sindipita, nkhani yanga yapita yokha.
Mkulu wa Mpingo naye dzulo wakhala wachiwiri kuchokera kumbuyo, koma akuti magazi ake ali bwino. Karoti wotsala ndimutengera mawa, ine ndapuma pa ukavalo.
Chitenje chili pampando wa Esinati. Ndinalonjeza kuthamanga, ndayenda. Esinati ankadziwa kale. N'chifukwa chake anaseka.