Mfundo Yachinayi

Lolemba

Kalata yochokera ku Lusaka ili pabolodi. Boma likuti lanenepa, liyenera kuonda. Antchito achepe, ochotsedwa abwerere kwawo. Muofesi mwathu aliyense akuba maso kuyang'ana tebulo la Mayi Namakau, otitaipira makalata, amene Boma linawatola ku Mongu zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo n'kuwaponya kuno ku Lundazi.

Zaka zonsezo ndakhala ndikuwabweretsera chitini cha nshawa, mtedza wa ku Mphamba. Mawu omwe ndawauzapo ndi awa: "Nshawa izi." Basi. Ine bambo wamasiye, imvi mbuu!

Akapita sindidziwa kuti ndidzatani. Nzeru yabwera masana: mtsutso kuholo Loweruka. Mutu wake: kuchepetsa Boma kugwetsa umodzi wa dziko. Ine ndivomereza. Akuluakulu akamva, manyazi awagwira, dzina la mayiwa salikhudza.

Lachiwiri

Mfundo zanga:
1. Boma ndilo limasakaniza mitundu. Popanda ilo, Mlozi wa ku Mongu akanamdziwira kuti Mtumbuka wa kuno?
2. Mtolo waukulu sumangidwa ndi luzi lalifupi.
3. Mutu umodzi susenza denga.
4. Pali anthu ena amene akachoka, wina wotsala sadzakhalanso bwino.

Yachinayi ndaifufuta, ndailembanso.

Tsoka ndi lakuti wotaipa paboma pano ndi mmodzi. Ndawapatsa pepala maso ali kuwindo. Ataipa, abweza. Tiyi sanandilowe.

Lachitatu

Wonditsutsa palibe!

A Zimba aphunzitsi akuti dzino lawavuta. A Phiri a zaulimi akuti ana awo akadali aang'ono. A Mwale osoka zovala kumsika, omwe amatsutsa ngakhale nyengo, atsitsa mawu: "Yayi adada, ine nikambe pagulu kuti Boma lakula maningi? Mufuna akazi anga azinipelekela chakudya kuti?"

Ndayesa kudzitsutsa ndekha kuseri kwa ofesi. Ndagonja kawiri.

Lachinayi

Kwa a tcheyamani a Chipani kukapempha chilolezo. Mutu auwerenga katatu. Akuti wovomereza akutsutsa kalata ya Boma, wokana akunyoza kukula kwa Boma, ndiye mbali zonse ziwiri n'zolakwa. Ndapepesa m'malo mwa mbali zonse.

Alola, malinga:
mabenchi ndikatenge ndekha kutchalitchi;
woweruza akhale iwo;
pamapeto tonse tigwirizane.

Andifunsanso dzina la bambo anga ndi mudzi wathu, alemba m'kabuku. Pobwerera tayala la njinga laphulika. Ndaikankha mpaka kunyumba.

Lachisanu

Wotsutsa wapezeka. Mayi Namakau!

"Osavutika kusakila, nizaimilila ine," atero, zala zili pataipi. Ndaseka, iwo sanaseke. Nshawa zomwe ndinawatengera lero ndazidya ndekha.

Mwina akufuna kungondithandiza kuti holo isapite pachabe. Inde, ndi chomwecho. Munthu wabwino mtima.

Loweruka

Mabenchi khumi ndi awiri, msana watha. Anthu asanu ndi anayi, kuwerengera amayi awiri othawa mvula. Akuluakulu omwe ndimafuna achite manyazi sanabwere.

Ndalankhula ndithu. Luzi, denga, zonse. Mfundo yachinayi ndailumpha, ndakhala pansi.

Mayi Namakau aimirira opanda pepala. Akuti umodzi wangawu wawadyetsa kapenta wouma zaka zisanu ndi ziwiri, iwo obadwira m'mbali mwa mtsinje wa nsomba. Akuti mayi awo atamwalira, telegalamu inafika maliro ataikidwa kale. Ana a mng'ono wawo amawadziwira pachithunzi. Ine zonsezi sindinazifunsepo, ndimangobweretsa nshawa.

"Dziko nimalikonda," atero. "Nikalikondela kwathu silizasweka. Dzina langa ninapeleka nekha kwa abwana pa Mande."

Mmodzi wa othawa mvula akupukuta misozi ndi chitenje. A tcheyamani agamula kuti lapambana ndi Boma. Tonse tagwirizana, tawomba m'manja.

Lamlungu

Kutchalitchi anthu akhala pamphasa chifukwa mabenchi ndinaiwala kubweza. Abusa alalikira za wantchito waulesi, maso ali pa ine.

Masana ndathandiza Mayi Namakau kumanga bokosi lawo panjinga, ndaikankha mpaka pokwerera basi ya ku Chipata. Luzi lachepa, ndalumikiza ndi lamba wanga. Andibwezera chitini cha nshawa, chotsukidwa bwino.

"Ija mfundo ya namba folo simunaikambe," atero.

Ndati nthawi inachepa.

"Zaka seveni zinachepa?"

Basi yanyamuka, ine chitini m'manja, dzanja lina litagwira buluku. Wailesi ya pasitolo ikuti dziko lathu ndi limodzi. Sinditsutsa. Mawa mabenchi, kenako ndiphunzire kutaipa ndi zala ziwiri.