Buku la Alamu Anga

Mukamva anthu a kwathu akunditchula kuti "a Chiwewe", musawafunse chifukwa chake, akunamizani. Nkhaniyi ndifotokoza ndekha, ndipo ndineneretu kuti sindikupepesa munthu.

Chaka chatha mvula yoyamba itangogwa, ndinadzitema ndi khasu paphazi. Patatha masiku atatu phazi linatupa mpaka nsapato kukana kulowa, anzanga ali kalikiliki kudzala. Kuchipatala chathu chaching'ono cha boma thandizo ndi laulere, koma vuto linali buku langa la kuchipatala. M'menemo analembamo kuti magazi anga amathamanga, ndisiye mchere, ndipo ndizikayezetsa mwezi ndi mwezi. Ine ndinali nditajomba miyezi isanu ndi iwiri (mcherewonso sindinasiye, kunena zoona). Tsono kumeneko kuli anamwino ena ake aafupi, amene akamakalipa ndi a kabaza omwe panja amamva.

Ndinaganiza zobwereka buku la alamu anga, a Mulipa. Anandipatsa msangamsanga, akumwetulira. Kumwetulira kumeneko ndikanakuganizira bwino.

Kuchipatala ndinaika buku pamulu wa mabuku a anzanga n'kukhala pabenchi. Dzina la a Mulipa litaitanidwa ndinangokhala duu, ndikuyang'ana uku ndi uku kuti alamu anganso abwera liti. Kachitatu m'pamene ndinakumbukira kuti a Mulipa ndine.

Anamwino aja anatsegula buku, chitseko chili chotsegula, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndinu amene munalumidwa ndi galu wachiwewe mwezi watha n'kuthawa jakisoni?"

Amayi amene anali pabenchi pafupi ndi khomo anayamba kusuntha, wina mpaka kubereka mwana wake.

"Ine ndadzera phazi, mayi."

"Phazi lidikire. Munabayitsa awiri, atsala atatu. Tavulani tione balalo, apa analemba kuti lili pathako lakumanja."

Ine jakisoni ndimamuopa kuposa njoka. Komabe ndinati bola kubayidwa kusiyana ndi kuulula, ndipo ndinayamba kumasula lamba ndikuganiza kuti balalo ndinena kuti linapola mozizwitsa. Buluku ili m'mawondo, analowa alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwathu, mnzanga wa kutchalitchi.

"Aa, bambo a Esinati, mwaoneka? Kuyezetsa magazi kuja munasiyiranji? Nanga alamu anu a Mulipa ali kuti, tikuwafunafunatu."

Tsiku limenelo ndinakalipiridwa milandu itatu: wanga, wa alamu, ndi wa buku. Manyazi anasanduka mkwiyo. Ndinakweza buluku n'kunena kuti, "Zipatala n'zambiri, mayi," kenako ndinatuluka motsimphina, anthu akundipatsa njira yotakasuka.

Kabaza inanditula pachipatala cholipira cha kufupi ndi kwa Njuli. Kumeneko ndiye kuli ulemu. Mpando wawofuwofu, mtsikana wapakhomo kunditchula bwana, ndipo za buku palibe anafunsa. Adokotala analiyang'ana phazi chapatali, n'kutchula mtengo wotsukira bala asanaligwire n'komwe. Mtengowo unali wofanana ndi ndalama ya mbewu yonse ya chaka chimenecho. Ndinafunsa ngati kulipira pang'ono kungatsukitse theka la bala. Ubwana wanga unathera pomwepo.

M'mawa mwake ndinabwerera kwa anamwino aafupi aja, buku langa lenileni lili m'manja. Anakalipa kuyambira pamene anavala magolovesi mpaka pamene anamanga bandeji, koma balalo analitsuka mosamala ngati la mwana wawo. Mankhwala a magazi anati anatha, ndikagule ndekha. Pamenepo nanenso ndinakalipa.

Ndinadzala mochedwa ndi sabata imodzi, koma ndinadzala. A Mulipa ndinawaperekeza ndekha kukamaliza majakisoni awo, ndipo ndinakhala pafupi ndi khomo kuti ndimve bwino.

Akazi anga amati ndiphunzirepo kanthu. Ndaphunzira chimodzi chokha: buku la munthu uziyamba waliwerenga. Koma zoti ndisiye kupita kuchipatala cha boma chifukwa ana akumandiuwa ngati galu ndikamadutsa, iwalani. Chipatala chimenecho n'changa, mankhwala akhalepo asakhalepo. Ndimapita mwezi ndi mwezi, ndimakhala pabenchi lakutsogolo, ndipo wofuna kundikalipira azindikalipira m'dzina langa.