Khofi wa m'Chiwaya cha Tchipisi

Nzeru yake inabadwira pa shabini ya kuseri kwa depoti ya Balaka, malo amene nzeru zambiri zimabadwira n'kufera pomwepo. Iyi yokha inakana kufa, chifukwa mwini wake anali Lyford, amene anadzipatsa yekha dzina loti Dayirekita ngakhale kampani yake palibe anaionapo.

"Amangwetu, zoba mbuzi tisiyire ana," anatero Dayirekita akugwedeza botolo la kachasu. "Mbuzi imalira, imanunkha, mwini wake amaidziwa nkhope. Dilu ili mu khofi."

Yotamu, wakabaza amene anzake ankamutcha Giya poti njinga yake inalibe giya ngakhale imodzi, anaika kapu pansi. "Khofi wake uti? Wa m'timapaketi uja?"

"Umbuli udzakupha iwe. Ku Liwonde kuli a Bakari, anabwera ku Joni ndi makina okazingira khofi. Kathumba kongokwana m'manjamu, azungu opita kukaona njovu amalipira ndalama yoti iwe upalase mpaka matako atupe. Nanga thumba lathunthu?"

Willard, chimphona chonyamula katundu pamsika chimene ankachitcha Ngolo, anafunsa funso limodzi lokha: "Limalemera bwanji?"

"Iwe udzangosankha lolemera kwambiri. Ine ndilowa kumaso ngati bwana wa hotela ya ku Mangochi, Giya ndi mlembi wanga. Tikamawazunguza mutu a Bakari, Ngolo alowera kuseri, anyamula thumba, alimanga panjinga. Masanasana, aise. Usiku ndi wa mbava zosaphunzira."

Yotamu anakumbukira mawu a mkazi wake Elube, oti akadzangogonanso kupolisi, iye anyamula ana ndi mapoto ulendo kwawo ku Phalula. Koma kachasu anamuuza kuti Elube amangolankhula.

Lachiwiri m'mawa anafika ku Liwonde matsire ali tho, m'mimba mulibe kanthu. Dayirekita anali mu suti yobwereka imene manja ake anathera m'zigongono. A Bakari, bambo wamfupi wa ndevu zotuwa ndi mkanjo woyera, anawalandira ndi manja awiri.

"Mwafika bwino, mabwana. Koma pano munthu sagula khofi asanalawe. Khalani."

Anandandalika timakapu patebulo: uyu wa ku Misuku, uyu wa ku Thyolo, uyu wa ku Zomba. Anawaonetsa kalawidwe kake. Unayenera kununkhiza kaye, kenako kutapa ndi supuni, kukoka ndi milomo mwaphokoso ngati munthu wosaleredwa, n'kulavulira m'kachitini.

"Chinthu chodula chonchi n'kulavula?" Dayirekita ananong'oneza Yotamu. "Meza."

Anameza. Wopanda shuga, wopanda mkaka, wopanda ngakhale mandasi omuperekeza. Nkhope ya Dayirekita inakwinyika ngati chikwama chakale.

"Mukumvamo chiyani, bwana?" anafunsa a Bakari.

"Ndikumvamo... khwalite," anayankha Dayirekita misozi ikulengeza.

Kwa Yotamu kapu yoyamba inali mankhwala a malungo enieni. Yachiwiri chimodzimodzi. Koma atalawa wa ku Misuku uja, kuwawa kutadutsa, kumbuyo kwa lilime kunatsala kena kake kowawasira, kotsekemera patali.

"Malambe," anatero asanaganize. "Muli malambe umu."

A Bakari anawomba m'manja. "Mashallah! Bwana, mlembi wanuyu ali ndi lilime. Anthu amabwera kuno ndi magalimoto akuluakulu, koma malambewo sawapeza!"

Chibadwire palibe amene anayamikirapo chiwalo china cha Yotamu kupatula miyendo. Anawongola msana, n'kupempha kuti amuwonjezere. Anafunsa chifukwa chimene wa ku Thyolo ankamveka ngati mtedza wokazinga. Anali atayamba kuwakonda a Bakari, ndipo kumtima kunali kukumuluma, pamene kunja kunamveka likhweru la Ngolo, chizindikiro choti thumba lamangidwa kale panjinga. Dayirekita anamuponda chala pansi patebulo.

"Tikutumizirani oda pafoni," anatero Dayirekita, n'kutuluka suti ikung'ambika kumsana.

Anzakewo anakwera matola, Yotamu n'kutsala ndi njinga ndi thumba. Tsiku limenelo anapalasa ngati wagwidwa ziwanda. Mtima ukugunda m'makutu, maso ali tong'o, anapitirira ngolo ya ng'ombe, anapitirira lole ya thonje, n'kuipatsa moni. Akanafika ku Balaka asanafike anzake, koma m'mimba munayamba msonkhano, ndipo tchire lililonse la m'mbali mwa msewu linamudziwa.

Madzulo anamasula thumba kuseri kwa nyumba ya Ngolo. Onse anangoti kukamwa yasa. M'malo mwa khofi wakuda wonunkhira, munali tinyemba totuwa mobiriwira, touma ngati miyala.

"Ngolo, watenga nandolo?" anafunsa Dayirekita.

"Munati lolemera kwambiri."

Dayirekita sanagonje. "Ndi khofi yemweyo, wangokhala wamuwisi. Kukazinga n'chiyani? Amayi anga amakazinga chimanga opanda makina a ku Joni."

Anabwereka chiwaya cha tchipisi kwa msuweni wa Ngolo, n'kusonkha moto ndi nkhuni komanso chidutswa cha tayala kuti ziyende msanga. Khofi anapsa kunja ngati makala, m'kati ali wamuwisi. Anamusinja mumtondo wa nsinjiro, n'kumulongedza m'majumbo.

Pamsika sanagulitse ngakhale jumbo limodzi. Mayi wina anafunsa ngati anali mankhwala a anankafumbwe. Bambo wina ananunkhiza n'kuyetsemula mpaka chipewa kugwa.

"Anthu a kuno sadziwa zinthu," anatero Dayirekita. "Tipite kwa akatswiri."

Pafupi ndi siteshoni ya sitima panali kamalo katsopano komwera khofi, mwini wake Mayi Ilham. Anaimika njinga panja, thumba la khofi wotsala lili pakaliyala, n'kulowa. M'kati munali kasitomala mmodzi yekha, bambo wa malaya achitenje amene ankamwa khofi wake pakona mwakachetechete.

Dayirekita atawapatsa jumbo limodzi, Mayi Ilham anafulula pang'ono, ananunkhiza, analawa, n'kuthamangira kachitini.

"Astaghfirullah! Mukufuna kundipha? Muli mafuta a tchipisi umu. Muli utsi wa tayala. Chakumapeto kukubwera nsinjiro."

Yotamu anatenga supuni, anakoka mwaphokoso monga anaphunzirira, n'kutsinzina. "Akunena zoona mayiwa, Dayirekita. Tamuwononga."

"Khala chete iwe!"

"Uyu ndi khofi wa kudzala," anapitiriza Mayi Ilham. "Amene anakugulitsani anakupusitsani. Munthu wodziwa zinthu sangasankhe zinyalala zotere."

Apo ndiye anamugwira pamtima Dayirekita. Kumutcha wakuba akanapirira, koma wosadziwa zinthu iyayi. Anamenya tebulo.

"Mayi, musanyoze zimene simukuzidziwa! Uyu ndi giredi wani! Khofi wa a Bakari weniweni wa ku Liwonde! Palibe anatigulitsa ife, thumba lake tinachita kukatenga tokha m'sitolo mwawo! Funsani Ngoloyu, msana ukumupwetekabe!"

"Ukupwetekadi," anavomereza Ngolo.



"A Bakari ndi achimwene anga," anatero Mayi Ilham pang'onopang'ono. "Chiyambire Lachiwiri akungodandaula za thumba limenelo. Akuti chowawa kwambiri n'choti iwo anali atamukonda mlembi wa mbavazo."

Yotamu anayang'ana pansi. Makutu anamutentha kuposa chiwaya chija.

Bambo wa pakona uja anamaliza kaye khofi wake mpaka dontho lomaliza, anapukuta pakamwa, n'kuimirira. "Ndine Sajeni Jamali. Pantchito yangayi ndafunsapo mbava zambiri, koma yoyankha ndisanafunse ndayamba kuiona lero."

Unyolo unalipo umodzi, ndiye unagwira dzanja la Dayirekita ndi la Ngolo. Yotamu anauzidwa kuti akankhe njinga yake, umboni uli pakaliyala. Anadutsa pakati pa tauni dzuwa lili paliwombo, akabaza anzake akuimba mabelu ngati ukwati, fungo la tayala wopsa likuwatsatira.

Atafika pamphambano, mayi wina wosenza dengu la tomato anakweza dzanja. "Akabaza! Kumsika!"

Yotamu, mwachizolowezi, anagwira mabuleki.

"Pepani mayi," anatero Sajeni Jamali akumukankha pamsana. "Iyi ndi hayala."