Khutu la a Kefasi pa Njanji

Malemu a Kefasi ankadziwika ndi chinthu chimodzi pa Mchinji pano: kuika khutu pa njanji. M'mawa uliwonse ankavala chijekete chija anapuma nacho ntchito ya njanji, n'kutsetserekera ku siteshoni. Akafika ankagwada, n'kugoneka mutu pachitsulo, matako m'mwamba. Kenako ankadzuka n'kusasa mawondo.

"Lero kulibe," ankalengeza.

Ife tinkadziwa kale kuti kulibe. Sitima ya anthu inasiya kubwera ine ndisanakwatire, ya katundu nayo inkatha zaka osaoneka. Pakati pa njanji panamera msipu wabwino, ndiye dzinja likafika, nthawi yomanga mbuzi kuti zisadye mmera, tonse a kuseri kwa siteshoni tinkamangirira zathu ku njanji komweko. Chikhomo chosazuka ngati chimenecho ungachipeze kuti? Komabe palibe ankamanga chingwe a Kefasi asanalankhule. Tinkaima ndi mbuzi zathu, tikuseka, koma tikudikira.

Wansembe wina wachilendo anaimitsapo njinga yamoto n'kuwafunsa ngati akupemphera.

"Abambo, tazimitsani chinthucho," anayankha osadzutsa mutu. "Mukunditsekera Lilongwe."

Ndiye Lachiwiri lina mu Januwale anagwada nthawi yaitali, nadzuka nkhope ili gwa.

"Ikubwera. Musamange."

Tinaseka mpaka misozi, tinamanga, tinapita kumunda. Iwo anatsala n'kumasula mbuzi zonse, khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mbuzi sizinachite kufunsa njira, zinalunjika m'munda wa mai Consolata, uja wagundana ndi mpanda wa siteshoni.

Mai Consolata anafika chitenje chili m'manja.

"Chimanga changa chonse, a Kefasi! Sitimayo ili kuti?"

"Ikubwera."

"Khutu lanu lakalamba. Mwamva m'mimba mwanu mukulira, basi mwati sitima."

Mawu amenewo anawalasa, ndinaona ndekha. Munthuyo analibe ng'ombe, analibe golosale, chake chinali khutu lomwelo. Anakakhala pa simenti ya siteshoni n'kunena kuti ikapanda kubwera tsiku limenelo, njanji sadzaigwadiranso. Akazi awo a Eliza anabweretsa mbatata, iwo anakankha mbale.

Tonse tinasiya makasu kudzaonerera. Dzuwa linafika paliwombo, linapendeka, njanji ili zii. Kuseka kunatithera. Ine ndinayamba kupempha chamumtima kuti chibwere chilichonse, ngakhale wilibala.

Cha m'ma fili koloko kunatulukira kangolo ka anthu oyendera njanji. Amuna atatu ankakankha, wachinayi atakhala pamwamba akudya mango. A Kefasi anaimirira, anamanga mabatani onse a jekete, n'kukweza mpango wofiira mpaka kangoloko kanaima.

"Imeneyi ndiye sitima?" anafunsa mai Consolata.

"Ili pa njanji kapena ili m'mwamba?"

"Kameneka kangaphe mbuzi?"

"Amayi, ine ndinati ikubwera. Za kukula kwake sindinanene."

Mawa lake anatenga khasu okha n'kukabzala nyemba m'munda wodyedwa uja, akuimba mluzu ngati apambana mlandu. Kuyambira pamenepo akati musamange, sitinkamanga.

Anatisiya mu Juni, atangodwala sabata imodzi. Nthawi imeneyo mbuzi zimayenda zokha, ndiye pa siteshoni sitinaone kusintha kwenikweni. Kusowa kwawo kunatipeza mvula itagwa. Ndinatsetsereka ndi mbuzi zanga, ndinapeza a Wilson, neba wanga, ndi mai Consolata ataima kale, zingwe m'manja, aliyense akuyang'ana mnzake. Kenako mai Consolata anakwinya chitenje, anagwada, n'kuika khutu pachitsulo. Palibe anaseka.

"Sindikumva kanthu," anatero podzuka, akupukuta m'maso. "Koma kaya n'kulibe, kaya ndi khutu langali."

Tinakoka mbuzi zathu kukazimangirira ku mabulugamu.